Chitsime cha Nambala 5

Mayi amene amatunga madzi kudambo sangoviika ndowa yake mwachisawawa. Amayamba wayang'ana ngati ng'ombe zapondamo, amakankhira pambali ndere ndi zinyalala, ndipo akaona kuti madziwo avunduka amadikira kuti adikhe. Maso ake, mphuno yake ndi lilime lake ndizo zimamuteteza iye pamodzi ndi a pabanja pake. Koma munthu wa m'tauni akafika pampopi sachita zonsezi. Amangopotokola, natchera kapu, namwa, n'kupatsakonso mwana wake. Sikuti iyeyu ndi wosasamala ayi, koma kuti udindo woyang'ana madziwo adaupereka m'manja mwa munthu wina amene mwina sadamuonepo n'kale lonse, munthu amene amalawirira m'mamawa kukathira mankhwala ndi kukayeza madzi kumene akuchokera. Tauni yonse imamwa madzi pokhulupirira kuti munthu ameneyo wagwira ntchito yake lero, ndiponso kuti zimene walemba m'kaundula ndi zimene waonadi ndi maso ake.

Walkerton ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Ontario, m'dziko la Canada. Idamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Saugeen, ndipo yazunguliridwa ndi minda ndi makola a ng'ombe. M'chaka cha 2000 m'tauniyi mudali anthu pafupifupi 4,800, anthu odziwana, okumana kutchalitchi ndi kusitolo monga zimakhalira pamalo paliponse pochepa anthu. Canada ndi dziko lolemera, la nyanja zosawerengeka ndi la anthu ophunzira. Wina akadanena kuti kumeneko munthu angafe chifukwa cha kapu ya madzi a pampopi, anzake akadamuseka. Komabe m'mwezi wa Meyi chaka chimenecho anthu oposa 2,300 adadwala, ndipo 7 adamwalira.

Madzi a tauniyi ankachokera pansi panthaka. Padali zitsime zitatu zobowola ndi makina, zimene ankangozitchula ndi manambala: 5, 6 ndi 7. Mapampu a magetsi ankakoka madziwo ndi kuwakankhira m'mipope yopita kunyumba, kusukulu, kuchipatala ndi kumalo osungirako nkhalamba. Ntchito yonseyi idali m'manja mwa bungwe la tauniyo lotchedwa Walkerton Public Utilities Commission, limene linkayang'aniranso za magetsi. Mkulu wa bungweli adali a Stan Koebel, ndipo kapitao wa antchito adali mng'ono wawo, a Frank Koebel.

Mwa zitsime zitatuzi, cha nambala 5 ndicho chidali chofooka chibadwire. Chidakumbidwa mu 1978, ndipo kuya kwake kudali mamita 15 okha. Madzi ake ambiri ankalowa pa mamita 5 mpaka 8 kuchokera pamwamba. Nthaka yokhuthala ili ngati sefa. Madzi a mvula akamatsika pang'onopang'ono kwa masiku ndi miyezi, zonyansa zimatsalira m'njira, ndipo ofika pansiwo amakhala oyera. Koma pamalo amenewa dothi lidali lochepa, ndipo pansi pake padali thanthwe la ming'alu yambiri. M'ming'alu madzi sasefeka, amangothamanga monga m'ngalande. Akatswiri amene adayeza chitsimechi chili chatsopano adapezamo kale tizilombo ta m'ndowe, ndipo adalangiza zinthu ziwiri: kuti madzi ake azithiridwa klorini nthawi zonse, ndi kuti malo ozungulira chitsimecho atetezedwe ku zonyansa za m'minda. Langizo lachiwirili silidatsatidwe. Famu ya ng'ombe idali pafupi pomwepo, kotero kuti pakati pa khola ndi kamwa la mwana padatsala mlonda mmodzi yekha, klorini.

Klorini si mankhwala achilendo. Mzinda wa Jersey City ku America udayamba kumuthira mosalekeza m'madzi ake mu 1908, potsatira uphungu wa dokotala wina dzina lake John Leal, ndipo m'zaka zochepa mizinda yambiri idatengera nzeruyi. Kuthira klorini pamodzi ndi kusefa madzi kudachepetsa kwambiri matenda a tayifodi, amene kale ankapulula anthu m'mizinda. Koma kagwiridwe kake ka ntchito kali ndi chinsinsi chimene ambiri sachidziwa, ndipo wosachimvetsa sangamvetsenso zimene zidachitika ku Walkerton.

Wochapa zovala amadziwa kuti malaya akakhala akuda bii, sopo woyamba amangothera m'litsiro osachita thovu. Thovu likayamba kuoneka ndiye kuti sopo wagonjetsa litsiro ndipo watsalako wina. Klorini nayenso ndi chimodzimodzi. Akalowa m'madzi salimbana ndi tizilombo tokha. Amalimbana ndi chilichonse chimene wachipeza, kaya ndi matope, masamba ovunda kapena madzi a ndowe, ndipo pa nkhondoyo iyenso amatha. Madzi akakhala oyera amathako pang'ono. Akakhala onyansa amatha yense, tizilombo n'kudutsa tili tamoyo. N'chifukwa chake funso lenileni sindilo lakuti wathiridwa wochuluka bwanji, koma lakuti watsala wochuluka bwanji pambuyo poti wagwira ntchito yake. Pa chitsime cha nambala 5 muyezo udali wakuti, patatha mphindi 15 chimuthirireni, mulita iliyonse ya madzi muzitsala theka la miligalamu imodzi, ndiye kuti 0.5. Kuyeza kwake n'kosavuta. Munthu amatunga madzi m'kabotolo, nathiramo mankhwala ena amene amasandutsa madziwo kukhala ofiirira ngati klorini alimo, nawerenga nambala. Ndi ntchito ya mphindi zowerengeka, yosafuna thukuta.

Klorini wotsalayu ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yoperekeza madzi paulendo wawo wa m'mipope kufikira atafika pakhomo. Yachiwiri, imene ili yoposa, ndi ya mthenga. Kuti a kulabotale atsimikize kuti m'madzi muli tizilombo, pamapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pofika nthawi imeneyo anthu amakhala atamwa kale. Koma klorini wotsala akazimirira mwadzidzidzi pamene dzulo adalipo, woyeza amadziwa nthawi yomweyo kuti chinachake chonyansa chalowa m'chitsime, ndipo akhoza kuzimitsa pampu asadadziwe n'komwe dzina la chonyansacho.

A Stan Koebel adayamba ntchito pabungweli mu 1972 ali mnyamata, ndipo adakwera pang'onopang'ono kufikira adakhala mkulu wake mu 1988. Mng'ono wawo adayenda njira yomweyo. Ntchito adaiphunzira ndi manja, poonera amene adawatsogolera. Pamene boma la chigawocho lidayambitsa masatifiketi a anthu oyendetsa madzi, lidalola kuti amene adakhalitsa kale pantchito alandire masatifiketiwo popanda kulemba mayeso kapena kupita kumaphunziro. Abale awiriwa adalandira awo mwa njira imeneyi. Chotsatira chake chidali chakuti anthu amene m'manja mwawo mudali moyo wa tauni yonse sankadziwa kuti kachilombo kotchedwa E. coli kangaphe munthu. M'mitima mwawo ankakhulupirira kuti madzi otuluka pansi panthaka ndi oyera mwachibadwa, ndipo klorini ndi mwambo chabe wokondweretsa akuluakulu a kuofesi. Iwo eni ankamwa madzi osathira mankhwala pachitsime pomwepo, namawayamikira kukoma kwake.

Padalinso chinthu china chimene chinkawakankha. Anthu a m'tauni ankadandaula kuti madzi akununkha mankhwala. Dandaulo limeneli si la ku Ontario kokha. Limamveka paliponse pamene klorini amathiridwa, ndipo amene adaona alangizi a zaumoyo akugawa klorini m'midzi ndi m'makwalala pa mliri wa kolera wa ku Malawi wa mu 2022 ndi 2023 sangalidabwe. Munthu amamva fungo la mankhwala, koma fungo la kachilombo salimva. Tsono wantchito amene amakumana ndi odandaulawo tsiku ndi tsiku kusitolo ndi kutchalitchi amaona kuti n'kwapafupi kuchepetsa mankhwala kusiyana ndi kukangana ndi anansi ake. Antchito a ku Walkerton adachita zomwezo: ankathira klorini wochepera pa muyezo.

Choipa koposa chidali m'kaundula. Kwa zaka zoposa 20, masiku ambiri antchitowa sankayeza klorini wotsala. Ankafika pachitsime, nayang'ana pampu, natenga cholembera, nalemba 0.5 kapena 0.75, n'kumapita. Nthawi zina madzi otumiza kulabotale ankawatunga pamalo amene adali pafupi nawo, koma pabotolo n'kulembapo dzina la malo ena. Pano m'pofunika kudekha poweruza, pakuti n'kosavuta kuwayesa anthu amenewa zigawenga zimene zidapangana kupha anzawo. Sadali otero. Adali anthu wamba amene adapeza chizolowezi chilipo kale, nachipitiriza, ndipo tsiku lililonse limene lidadutsa popanda wodwala lidakhala ngati mboni yowatsimikizira kuti kuyeza n'kutaya nthawi. Zaka 20 ndi masiku oposa 7,000. Mphunzitsi amene angabwereze phunziro limodzi kokwana 7,000 sangalephere kulikhomereza m'mutu mwa wophunzira, ngakhale phunzirolo likhale labodza. Mwayi ndiwo udali mphunzitsi wa abale awiriwa, ndipo udawaphunzitsa zolakwika.

Nanga oyang'anira adali kuti? A unduna woona za chilengedwe m'chigawocho adayendera madzi a ku Walkerton mu 1991, mu 1995 ndi mu 1998. Ulendo wa mu 1998 udapeza zodetsa nkhawa: E. coli adaonekapo kangapo m'madzi othiridwa kale mankhwala, klorini wotsala adali wochepa, ndipo madzi otumizidwa kukayezedwa sankakwana chiwerengero chofunika. Lipoti lidalembedwa, a Koebel adayankha ndi kalata yolonjeza kukonza, ndipo nkhani idathera pomwepo. Palibe amene adabweranso kudzaona ngati lonjezolo lidasungidwa. Makomishonala osankhidwa ndi anthu kuti aziyang'anira bungweli nawonso sadafunse kanthu. Maso awo adali pa ndalama. Chodabwitsa n'chakuti kaundula yemweyo ankadziulula yekha. Mphunzitsi akaona kuti ana onse m'kalasi apeza yankho limodzimodzi mpaka pa kadontho, amadziwa kuti akoperana. Madzi enieni sapereka nambala imodzimodzi m'chilimwe ndi m'dzinja, chaka ndi chaka. Woyendera aliyense amene akadakhala pansi n'kutsegula masamba a kaundulayo modekha akadaona kuti manambalawo ngochokera m'mutu.

Chakumapeto kwa Epulo 2000, mwini famu yoyandikana ndi chitsime cha nambala 5 adathira manyowa a ng'ombe m'munda mwake. Adachita zonse monga mwa malangizo a ulimi wabwino, ndipo pambuyo pake kafukufuku sadamupeze ndi mlandu uliwonse. Koma zina mwa ng'ombe zake zidali ndi mtundu woopsa wa kachilomboka, wotchedwa E. coli O157:H7, umene ng'ombe imakhala nawo m'matumbo osadwala, pamodzi ndi kachilombo kena kotchedwa Campylobacter. Kenaka kudadza mvula. Kuyambira pa 8 mpaka pa 12 Meyi kudagwa mvula yokwana mamilimita 134, ndipo 70 mwa amenewa adagwa Lachisanu pa 12 Meyi pokha. Akale adati mvula ikakuona litsiro sikata. Madzi adatsuka mundawo, nalowa m'ming'alu ya thanthwe, nafika m'chitsime. Masiku amenewo chitsime cha nambala 5 ndicho chinkamwetsa pafupifupi tauni yonse.

N'kutheka kuti zonyansa zimene zidalowa tsikulo zidali zochuluka kwakuti ngakhale klorini wokwana muyezo akadagonja. Apa mpamene ntchito ya mthenga ija idafunika. Loweruka pa 13 Meyi a Frank Koebel adafika pachitsimecho monga mwa masiku onse. Akadatunga madzi m'kabotolo akadaona kuti sakufiira, akadazimitsa pampu, ndipo anthu ochuluka zedi akadapulumuka. Sadayeze. M'kaundula mudalowa nambala ya masiku onse. Tsiku lotsatira sadayezenso, ndipo Lolemba pa 15 Meyi zidali chimodzimodzi. Kwa masiku atatu madzi a ndowe adayenda m'mipope ya tauni, ali mbee ngati madzi ena onse.

Padali vuto linanso limene pa lokha silidabweretse matendawa, koma lidamanga pakamwa pa a Stan Koebel. Makina othirira klorini pa chitsime cha nambala 7 adachotsedwa pa 3 Meyi kuti paikidwe atsopano, ndipo atsopanowo adachedwa kuikidwa. Pa 15 Meyi a Koebel, amene adali atangobwerako kumsonkhano ku Windsor, adayatsa chitsimecho chopanda makinawo, nazimitsa cha nambala 5. Mpaka pa 19 Meyi tauni idalandira madzi opanda ndi dontho lomwe la klorini, chinthu chimene iwo ankadziwa bwino kuti n'choletsedwa.

Madzi amene adatungidwa pa 15 Meyi adatumizidwa kulabotale ya kampani ina. Lachitatu pa 17 Meyi a kulabotaleko adaimba lamya natumizanso fakisi kwa a Koebel: m'madzi mudali E. coli wochuluka. Uthengawu udathera pa tebulo lawo. Kale, pamene madzi ankayezedwa m'malabotale a boma, zotsatira zoipa zinkapitanso kwa a zaumoyo. Koma mu 1996 boma la Ontario, pofuna kuchepetsa ndalama zimene linkagwiritsa ntchito, lidasiya kuyezera matauni madzi, ntchitoyo n'kupita kumakampani, ndipo silidakhazikitse lamulo lokakamiza makampaniwo kudziwitsa a zaumoyo. Kampaniyo idauza amene adailipira, basi.

Kachilombo kameneka kamatenga masiku atatu kapena anayi kasadaonetse ukali wake. Lachinayi pa 18 Meyi ana ambiri adajomba kusukulu ya Mother Teresa, ndipo ana awiri a ku Walkerton adagonekedwa m'chipatala cha ku Owen Sound akutsekula magazi. Dokotala wa ana wa kumeneko adaona kuti ana awiri a tauni imodzi sangadwale chimodzimodzi mwangozi, ndipo pa 19 Meyi adadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya chigawocho. A zaumoyo adayamba kukayikira chakudya, popeza kawirikawiri kachilomboka kamadzera m'nyama ya ng'ombe yosapsa bwino. Komabe adaimbira a Stan Koebel kawiri tsiku lomwelo kufunsa za madzi. Kawiri konse adayankhidwa mowapatsa chithunzi chakuti madzi ali bwino. Za fakisi ija sadatchule, za chitsime cha nambala 7 sadatchulenso.

Zimene bamboyu adachita atatsitsa lamya ndizo zimamvetsa chisoni koposa. Sadathawe ndipo sadakhale pansi. Adayamba kuthira klorini wambiri ndi kutsegula mipopi ikuluikulu ya ozimitsa moto kuti madzi akale atuluke, ndipo adagwira ntchitoyi usana ndi usiku kumapeto konse kwa sabata imeneyo. Ankafuna kukonza cholakwacho mwakachetechete kuti pasakhale wodziwa. Pochita zimenezi iwo eni ankamwabe madzi omwewo, umboni wakuti ngakhale pamenepo sankamvetsa kuopsa kwa chimene chidali m'mipope. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, koma pano amene adafa sadali mwini manyazi. Munthu wotsekula m'mimba amalangizidwa kumwa madzi ambiri, ndipo makolo a ku Walkerton, atamva kuti madzi alibe vuto, adapitiriza kumwetsa ana awo odwala madzi a pampopi. Mawu ochepa okha pa lamya Lachisanu lija akadaletsa zimenezi.

Loweruka wantchito mmodzi wa bungwe lomwelo, amene adaona kuti zinthu sizili bwino, adaimbira a unduna wa zachilengedwe mosatchula dzina lake. Odwala adapitirira kuchuluka. Lamulungu pa 21 Meyi masana, a zaumoyo motsogozedwa ndi Dr. Murray McQuigge adalengeza pawailesi kuti aliyense aziwiritsa madzi asadamwe. Adalibe umboni wa kulabotale wokhudza madziwo m'manja. Adangoona kuti odwalawo ndi ana, achikulire ndi nkhalamba za mbali zonse za tauni, anthu amene sadadyere mbale imodzi, ndipo chinthu chokha chowalumikiza ndi mpopi. Adatunganso madzi awoawo kukayezetsa, ndipo pa 23 Meyi zotsatira zidatsimikiza zimene ankaopa. Pofika tsikulo munthu woyamba adali atamwalira kale dzulo lake. Masiku omwewo tsamba la kaundula wa chitsime cha nambala 7 lidalembedwanso mwatsopano ndi a Frank Koebel, mkulu wawo atawauza kutero, kuti lisaonetse masiku amene chitsimecho chidayenda chopanda makina.

Poizoni wa kachilomboka amaononga matumbo, ndipo mwa ena, makamaka ana aang'ono ndi okalamba, amalowa m'magazi n'kukaimitsa impso. Anthu 27 adafika pamenepa. Chipatala chaching'ono cha tauniyo sichikadatha kuwathandiza, kotero ndege za helikopita zinkatera ndi kunyamuka, kutengera odwala ku London, mzinda wa m'chigawo chomwecho cha Ontario. Mmodzi mwa amene adamwalira adali mwana wa zaka ziwiri. Madokotala amene adatsatira anthu a m'tauniyi kwa zaka zingapo pambuyo pake adapeza kuti amene adadwala kwambiri adali pachiopsezo chokulirapo cha kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa impso.

Boma lidakhazikitsa kafukufuku wapoyera wotsogozedwa ndi woweruza milandu, a Dennis O'Connor, amene adakakhala ku Walkerton komweko namvera mboni kwa miyezi yambiri. Ngakhale nduna yaikulu ya chigawocho, a Mike Harris, adaitanidwa kukapereka umboni mu 2001. M'dzikomo anthu adali atagawikana pawiri. Ena ankati mlandu wonse ngwa abale awiri osakhulupirika, ndipo palibe lamulo limene lingaletse munthu wofuna kunama. Ena ankati mlandu ngwa boma limene lidadula ndalama za unduna wa zachilengedwe ndi kuchotsa antchito ake oposa 750, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Mbali iliyonse inkafuna kuti inzake isenze mtolo wonse.

Lipoti loyamba la a O'Connor, limene lidatuluka mu Januwale 2002, silidakondweretse mbali iliyonse mokwanira, ndipo m'menemo ndimo muli ulemu wake. Lidati abale awiriwa adachita zosayenera kwa zaka zambiri, ndipo kubisa kwa pa 19 Meyi kudadwalitsa anthu ena 300 kapena 400 amene akadapulumuka chilengezo chowiritsa madzi chikadatuluka tsiku limenelo. Koma lidatinso boma lidachenjezedwa za mpata umene udatseguka mu 1996. Ngakhale nduna ya zaumoyo idalembera nduna inzake ya zachilengedwe mu 1997 kupempha lamulo lokakamiza kupereka uthenga woipa kwa a zaumoyo, koma lamulolo lidadza mu Ogasiti 2000, maliro atachitika kale. Lidaonjezanso mfundo imene imatsutsa onse onena kuti wabodza saletseka. Chiyambire 1994 malangizo a chigawocho ankafuna kuti zitsime zolowa madzi a pamwamba, monga cha nambala 5, zikhale ndi makina oyeza klorini ndi kuvunduka kwa madzi usana ndi usiku, amene amaliza belu kapena kuzimitsa pampu zinthu zikasokonekera. Unduna sudabwerere kuzitsime zakale kukaonetsetsa kuti makinawa aikidwa. Akadakhalapo pa 12 Meyi, mliriwu sukadachitika, kaya kapitao ayeze kaya asayeze.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Munthu waulesi, wosadziwa kapena wamantha adzapezeka pantchito iliyonse, m'dziko lililonse. Dongosolo la madzi limene chitetezo chake chonse chatsamira pa kukhulupirika kwa munthu mmodzi lili ngati nyumba yoimira pa mzati umodzi. Ndipo ngakhale klorini weniweniyo sangakhale mzati wokhawo. Chisadathe chaka, mu Epulo 2001, anthu zikwi zingapo adadwala ku North Battleford m'chigawo cha Saskatchewan chifukwa cha kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, kamene kali ndi chikamba cholimba chimene klorini wa muyezo wa masiku onse sachilowa. Kumeneko chimene chidalephera ndi makina odikhitsa ndi kusefa madzi. N'chifukwa chake lipoti lachiwiri la a O'Connor, la mu Meyi 2002, m'malangizo ake 93 lidatsindika za mipanda ingapo yotsatizana: kuteteza kumene madzi akuchokera, kuwayeretsa mokwanira, kusamala mipope, kuyeza kosalekeza, ndi kukhala okonzeka kuchenjeza anthu msanga, kuti mpanda umodzi ukagwa wina ugwire.

A Harris adapita ku Walkerton lipoti loyamba litangotuluka, napepesa m'dzina la boma. Chigawo cha Ontario chidakhazikitsa lamulo la madzi akumwa mu 2002 ndi lina loteteza magwero a madzi mu 2006. Oyendetsa madzi onse, akale ndi atsopano omwe, adayamba kulemba mayeso, ndipo mu 2004 ku Walkerton komweko kudakhazikitsidwa malo ophunzitsirako anthu a ntchito imeneyi, otchedwa Walkerton Clean Water Centre. Mu Disembala 2004 abale awiri aja, atavomera mlandu woika moyo wa anthu pachiswe, adalandira chilango: a Stan Koebel chaka chimodzi m'ndende, a Frank Koebel miyezi 9 ya ukaidi wa pakhomo. Ena mwa ofedwa adati chilangocho chachepa; ena adati anthu awiriwa asenzetsedwa okha katundu amene adayenera kugawana ndi akuluakulu amene sadaimepo m'bwalo la milandu.

Koma anthu a m'tauniyo adali atalipira kale mtengo wawo m'njira ina. Tizilombo tikalowa m'mipope sitichoka ndi tsiku limodzi. Antchito adayenda nyumba ndi nyumba kutsuka mipope ndi klorini wamphamvu, mipope ina yakale adaikumba n'kuikamo yatsopano, ndipo nthawi yonseyi mabanja ankawiritsa madzi kapena kukatenga a m'mabotolo, ena n'kumakasambitsa ana awo kwa abale m'matauni oyandikana nawo. Chilengezo chowiritsa madzi chimene chidaperekedwa pa 21 Meyi chidachotsedwa pa 5 Disembala 2000, patatha miyezi yoposa 6. Chitsime cha nambala 5 chidatsekedwa, ndipo sichidatsegulidwenso.